Mkono wa a Khoviwa ndi amithenga atatu

Kalekale, osati kale la makolo ayi, kale la dzana lomweli mafoni ali kale m'matumba, kunachitika zinthu pa fakitale ina ya tiyi kumapiri a Thyolo. Wokana akane, koma ayambe wamva.

Panali makaniko wina, a Khoviwa. Tsiku lina masana makina odula tiyi anatsamwa, ndipo a Khoviwa anayenera kulowetsa mkono mpaka m'phewa kuti achotse chitsulo chomwe chinakakamira m'mano a makinawo. Woyendetsa makina, Dausi, anali atapita kukadya. Lamulo lake linali limodzi: belu la thu koloko likalira, ayatse makina, pokhapokha wina atamuletsa. A Khoviwa anauza anthu atatu kuti amuletse.

“Ndauza atatu,” anatero akupinda malaya. “Mmodzi akaiwala, awiri alipo.”

Woyamba anali kapitawo, a Namakhwa, munthu wokonda zolemba. “Zapakamwa munthu amadzakana mawa,” ankatero. Anatenga choko nalemba pa bolodi la pageti: MAKINA ASAYATSIDWE. Anatsekera mzere kunsi, nasainira. Ankadziwa bwino kuti bolodilo anthu amaliwerenga m'mawa polowa basi, koma anati mumtima, enawo amuuza.

Wachiwiri anali kalaliki, Felesiya Mulipa, wa zikhadabo zopaka utoto. Iye kuyenda ayi, fumbi la tiyi limamuyetsemulitsa. Anatumiza uthenga pa gulu la pafoni la antchito onse. Uthengawo unakakhala pakati pa chithunzi cha maluwa cholembedwa “Mulungu akudalitseni” ndi cha munthu wogulitsa mbuzi. Komatu lamulo loletsa kulowa ndi foni kumakina analitayipa ndi iye yemwe, ndi zikhadabo zomwezo. Anati mumtima, enawo amuuza.

Wachitatu anali mesenjala, a Likoswe, amene sankakhulupirira choko kapena foni, koma miyendo ndi pakamwa. Iwo anapitadi. Vuto linali loti Dausi anasiya mlongo wawo ndi ana anayi, ndipo panatha zaka ziwiri a Likoswe osalankhula naye. Anaima pakhomo pa chipinda cha makina, nayang'ana khoma, nauza khomalo: “Wamakutu amve, m'makinamo muli munthu.” Dausi anali atabwerako kokadya, atawafulatira, atavala kale zotsekera m'makutu zoteteza ku phokoso. A Likoswe anaziona. Anabwerera akunena mumtima, ine ndanena, zotsalazo enawo amuuza.

Belu linalira. Dausi anadina batani.

Za kukuwa sindinena, ena mwangodya kumene. Mkono unatsala mmenemo, tiyi wa tsiku limenelo anakamutaya kudzala. Koma tamverani izi: chithunzi cha a Khoviwa atagona pansi, chojambulidwa ndi wina wozembetsa foni, chinafika pa gulu la pafoni mphindi imodzi isanathe, ndipo chimenecho aliyense anachiona. Anthu makumi asanu ndi limodzi anatumiza tinkhope tolira. Wa mbuzi uja anatumiza tinkhope titatu, kenako anakumbutsa anthu kuti mbuzi ikadalipo.

M'mawa mwake bwana anaitana atatu aja. “Dausi alibe mlandu, anatsata belu,” anatero. “Koma mwa inu, mmodzi achoke lero.”

“Bwana, tiyeni pageti,” anatero a Namakhwa. “Zilembo zikadalipo, siginecha yanga ili pansi. Awawa ali ndi umboni wanji?”

“Umboni wa choko, madala? Mvula ikagwa mulibe mlandu, mulibenso umboni,” anatero Felesiya, akukweza foni. “Onani bwana, timizere tiwiri. Uthenga unafika.”

“Unafika m'loka mosungira zovala, mwana iwe, m'thumba la buluku la Dausi lopachika!” anatero a Likoswe. “Ine ndekha ndinapondako kumakinako. Pakamwa panga panatseguka.”

“Munauza ndani, achimwene?” anafunsa a Namakhwa.

“Ndinauza amene anali pamenepo.”

“Khoma,” anatero Felesiya.

“Khomalo silinasiye mlongo wanga.”

Bwana anagwira mutu.

Tsopano ndiulule, popeza mwandimvera mwaulemu. Pankhani yonseyi ndanama malo amodzi okha: bwana sananene kuti mmodzi achoke. Zimenezo ndawonjezera ine kuti mukhale ndi chokangana. Atatu onsewo akadali pantchito, a Namakhwa anakwezedwanso. Amene anachoka ndi a Khoviwa, poti makaniko wa mkono umodzi sipanala aigwira bwanji? Kalata yowachotsa ntchito sanalandire, mesenjala sanafike kwawo. Anadziwira pafoni ali gone m'chipatala, ataona kuti awachotsa pa gulu lija.

Ndiye bwana analephera, mlandu ndaubweretsa kwa inu. Wina analemba pamene palibe wowerenga, wina anatumiza ku foni imene iye mwini anaitsekera m'loka, wina anayenda ulendo wonse nakalankhula ndi khoma. Mmodzi yekha achoke, awiri atsale akudya malipiro. Inu mukuti mkono wa a Khoviwa anaudula ndani?