Chogwirira Chachiwiri

Panali munthu wina mumzinda waukulu, katswiri wopanga makina a magemu, aja amalumikiza ku kanema ana n'kumasewera podina mabatani. Munthuyu anali ndi mwana mmodzi wamkazi, dzina lake Ndaziona, amene miyendo yake inafooka ali wakhanda. Anzake akamasewera fulaye panja, iye ankangowaonera pawindo.

Bambo akewo anamupangira makina okhala ndi zogwirira ziwiri za mabatani. Anawapanga mwadala kuti masewera asamayende pokhapokha anthu awiri atagwira. Ana a m'deralo anayamba kubwera. Ankavula nsapato pakhomo, n'kukhala pamkeka pafupi ndi Ndaziona, kumalimbirana chogwirira chinacho. M'nyumba muja munadzaza phokoso, ndipo mayi ake, ngakhale ankasesa makoko a mtedza tsiku ndi tsiku, sanadandaulepo.

Makolo ena ataona, anafunanso makina otero. Munthu uja anatsegula fakitale, dzina lake linamveka.

Koma tsidya lina la mzindawo kunali winanso wopanga makina a magemu. Awiriwa anali asanaonanepo, komabe aliyense ankagona akuganiza za mnzake. Khirisimasi ikamayandikira onse ankatulutsa makina atsopano, koma panalibe wofuna kuyamba kutchula mtengo. Wotchula koyamba ankadziwa kuti mnzakeyo atsitsako pang'ono n'kukokolola anthu onse. Choncho ankadikirana, makatoni ataunjikana mpaka kudenga.

Chaka china wa tsidya uja anatopa nako kudikira. Anatchula mtengo wotsika kuposa zimene anawononga popanga makinawo, poganiza kuti adzabweza pogulitsa magemu, pakuti makina ake sankalola magemu a wina. Anthu anathamangira kumeneko.

Munthu uja tulo tinamuthawa. Anamasula makina ake pathebulo, waya payekha, chitsulo payekha, kufunafuna choti achotse kuti mtengo utsike. Anachotsa katoni yokongola. Anafupikitsa chingwe. Mtengo unakanabe kufika pansi pa wa mnzake. Kenako maso ake anagwera pa chogwirira chachiwiri.

Mkazi wake anali ataima pakhomo akumuyang'ana. Anati, "Bambo a Ndaziona, mukachotsa chimenecho, mwana wa eni azisewera ndi ndani?"

Iye anayankha kuti munthu m'sitolo amayang'ana mtengo, osati zogwirira, ndiponso makina a Ndaziona akhalabe mmene alili, palibe awakhudze. Anachotsa chogwiriracho, anachotsanso kabowo kolumikizirapo, pakuti nakonso kankadya ndalama. Magemu anawakonzanso kuti munthu azisewera yekha.

Anapambanadi. Makinawo anatsika mtengo moti nyumba iliyonse inagula. Wa tsidya uja, posafuna kutsalira, nayenso anachotsa chake chachiwiri.

Nsapato pakhomo pa Ndaziona zinayamba kuchepa. Mwana wina anati amayi ake amugulira akeake. Wina anangosiya kubwera. Tsiku lina Ndaziona anapempha kuti amukankhe panjinga yake ya olumala kupita kwa mnzake Esinta. Kumeneko chogwirira chinali chimodzi. Anakhala kumbuyo, akuyang'ana nkhongo ya mnzakeyo monga ankachitira pawindo paja, mpaka mayi ake anabwera kudzamutenga. Sanapemphenso.

Bambo ake zonsezi sanazione, chifukwa ankachoka mbandakucha. Koma tsiku lina anabwera dzuwa likadalipo, nkhope ili mwee, kudzauza banja lake kuti makina ake ndi amene agulidwa kwambiri mumzinda wonse. M'nyumba munali zii. Anapeza mwana wake pamkeka, zogwirira zonse ziwiri zili pamiyendo pake. Ankadina ichi, n'kusiya, kudina chinacho mofulumira, n'kubwereranso.

Anamufunsa chimene akuchita.

"Ababa, munthu wachiwiriyu akaima nthawi yaitali, makina amazima," anatero Ndaziona, maso ali pakanema. "Paja munawapanga choncho ndinu."

Munthu uja anagwada pamkeka, natambasula dzanja kuti atenge chogwirira chachiwiricho. Nthawi yomweyo foni inalira m'thumba mwake. Anali a kufakitale, kumuuza kuti wa tsidya uja watsitsanso mtengo. Anayang'ana mwana, anayang'ana foni, n'kudzuka kupita pakhonde. Mkazi wake, ali kukhitchini, anamumva akufunsa kuti m'makinamo mwatsala chiyani china choti achotse.

Inu amene mukumva fanizoli, ena mumagulitsa pamsika, ena muli ndi kagolosale, ndipo aliyense ali naye wake wa tsidya lina. Kutsitsa mtengo si tchimo. Koma mtengo sungotsika wokha, pali chimene mumachotsa, ndipo chooneka chosafunika patsikulo mwina ndi chomwe chinakuyambitsani ntchitoyo. Munthu uja ankaudziwa mtengo wa mnzake usana ndi usiku, koma sanadziwe tsiku limene nsapato zinatha pakhomo pake. Musanachotse kanthu, tayambani mwalowa m'nyumba, muone amene wakhala pamkeka yekha.