Khoko la Mtedza la Mezazonse

Padangokhala mtsikana wina, Dziwenji, amene tsiku lake linali kusesa pabwalo, kutunga madzi kudambo, kukonola, kuthyola nkhwani, kutsekera mbuzi. Womuyamika panalibe. Koma mlongo wake Chakudza ankamudikira pamtengo wa mkuyu n'kumulandira mtsuko, uku akumuseka: "Iwe, khosi lako lilowa m'mapewa!"

Amayi awo anali ndi lamulo limodzi: chimanga cha mbewu chopachikidwa pautsi sachikhudza, njala ilume bwanji. Chaka cha njala Chakudza anachitsitsa. Anali atamva kuti kuphiri kuli Mezazonse, chimphona cha mitu itatu chosewera ndi khoko la mtedza. Umaika zonse uli nazo n'kuponya. Likagwa chagada, zako zichuluka katatu. Likagwa chafufumimba, zonse n'zachimphona. Anapita, osabwerako.

Mitambo ya mvula inayamba kusonkhana. Dziwenji akafika pamkuyu ankayenda pang'onopang'ono, khosi likuwawa, maso kunjira. Tsiku lina anatula mtsuko yekha, nalunjika kuphiri.

M'thengo anapeza bilimankhwe moto wolusa utamuzinga, namunyamula ndi kamtengo.

"Wandipulumutsa, mdzukulu," anatero bilimankhwe. "Ndagi!"

"Gize."

"Anthu zana aponya khoko kamodzikamodzi, ena alira, koma mudzi ulemera. Munthu mmodzi aponya kazana, atsala ndi chiyani?"

Dziwenji anaganiza. "Manja okha, agogo. Khoko silingagone chagada masiku onse."

Bilimankhwe analavula khoko lofiira. "Chimene mupangane pa ili chichitika ndithu. Koma silipereka zaulere. Likapatsa mnzako, lichotsa kwa iwe."

Kuphiri anapeza khola lodzaza nkhanga. Imodzi inathamangira kumpanda, n'kumajompha chitenje chake ikulira. Mezazonse anatuluka m'phanga, nthaka ikunjenjemera, mitu yonse ikuseka.

"Mlongo wakoyo anali ndi dzanja labwino," unatero mutu wapakati. "Chimanga chake chinadzaza nkhokwe, chinasefukira. Ndinamuuza, pita kwanu. Iye akuti kamodzi kokha. Litagwa chafufumimba anadziika yekha chikole, n'kuluzanso. Ndiye nkhanga ikukujomphayo. Iwe wabweretsa chiyani?"

"Ndilibe kanthu, ambuye. Lero muponye ndinu. Ikani mitu yanu. Chagada, ichuluka katatu. Chafufumimba, yonse pansi."

Mitu inanong'onezana. "Kugwa uku ndi kugwa uko mwayi wake ndi umodzi," unatero wakumanja, "koma chopata chiposa chotaya. Wokana zotere ndi chitsiru. Pakamwa pambiri, nyama yambiri!"

Dziwenji anapereka khoko lofiira lija, chimphona chinaponya. Chagada! Mitu inaphuka ngati bowa pachulu, ndipo tsitsi la Dziwenji linayoyoka lonse.

Chinaponyanso. Chagada! Mitu inatchinga dzuwa. Chala chaching'ono cha Dziwenji chinauma n'kuthothoka ngati kamtengo. Analuma mlomo. Nkhanga ija inadzimenya pampanda mpaka nthenga mbwee.

Kamutu kena kakang'ono kumbuyo kanalira: "Akuluakulu, takhuta, tilekere pompa!"

"Khala chete, kamwana iwe!" inabangula inzake. "Chasintha n'chiyani? Chopata chikuposabe chotaya!"

Kachitatu, chagada. Khutu lamanzere la Dziwenji linalira kuti tii, kenako zii. Anadziwa kuti khoko likhoza kumutha iye chimphona chisanathe, pakuti khoko silikumbukira mmene linagwera poyamba. Koma anatola khoko ndi dzanja lake lopunduka, nalipereka ndi manja awiri.

"Mwatopa, ambuye?"

Mitu yonse inalimbirana kuponya. Khoko linakwera, linazungulira, linagunda mwala, n'kugwa chafufumimba.

Mitu inagwa ngati maungu, kugubuduka mpaka kuchigwa, ndipo thupi linasanduka chulu. Mpanda unagwa. Nkhanga zinakutumula nthenga, n'kuimirira zitasanduka anthu: alimi, osula makasu, amayi a ana, aliyense akufunsa njira yakwawo. Chakudza anagwira mutu wa mlongo wake wopanda tsitsi.

Midzi yonse ya patsinde pa phiri inamuperekeza Dziwenji ndi nthungululu, amayi akuyala zitenje m'njira kuti aponde. Ngakhale akuluakulu ankamupatsa moni ndi manja awiri.

Koma tinene zoona zake. Mbewu ija sinabwerere, inali itadyedwa kale. Mvula yoyamba inawapita, anadzala mochedwa mbewu yopempha, ndipo anakolola zosafika kumasika ena. Mbuzi zinagulitsidwa. Tsitsi linamera, chala sichinamere, ndipo mpini wa khasu unkamupulumuka. Chakudza anatsala ndi mawanga oyera m'khosi. Ankalima ngati anthu awiri, koma nthawi zina ankaimika khasu n'kuyang'ana kuphiri.

"Ndikanangoponya kamodzi kena, mlongo wanga, bwenzi pano tili…"

Dziwenji ankamutembenuzira khutu logontha, n'kupitiriza mzere.