Mabuku a M'kompyuta Imodzi

Panali munthu wina amene ankayang'anira laibulale ya patauni yaing'ono. M'mashelefu mwake munali mabuku ochepa, ambiri othothoka masamba.

Chaka china kunabwera alendo, namuikira m'kompyuta pulogalamu yaulere yokhala ndi mabuku zikwizikwi: a zaulimi, a unamwino, a kusekondale. Pulogalamuyo inalembedwa ndi anthu a m'mayiko ambiri, osadziwana n'komwe, ndipo anaisiya poyera kuti aliyense atenge, akonze, agawireko ena. Potsanzika alendowo anati, "Aliyense wofuna muzimukopera."

Laibulale inayamba kudzaza. Anthu ankamupatsa moni munthuyo akadali patali, ena n'kumamutchula kuti aphunzitsi. Ulemuwo unamukomera. Anayamba kuopa kuti mabukuwo akafika kwina, anthu aleka kubwera kwa iye. Choncho anatseka kompyuta ndi pasiwedi, namata polowetsera fulashi.

Tsiku lina kunafika mayi woyang'anira laibulale ya sukulu ya kutsidya kwa mtsinje, fulashi ili m'manja.

"Bambo, mvula ikayamba ana athu satha kuwoloka. Tikopereniko, aziwerengera komweko."

"Zimenezi sizituluka muno, mayi. Wofuna kuwerenga azibwera."

Mayiyo anathokoza, nabwerera.

Mvula yoyamba inadza ndi mphezi. Magetsi anazima; atayakanso, kompyuta sinayake. Wokonza anaitsegula, napukusa mutu: zonse zinali zitapsa. Alendo aja anali atabwerera kwawo kalekale, ndipo intaneti ya patauniyo inali yofooka, yosatheka kutsitsira mabuku ochuluka chotero. Mayeso anali pafupi. Ophunzira ankabwerabe m'mawa, n'kukhala duu pamabenchi. Mtsikana wina wophunzira unamwino anafunsa, "Kodi palibe wina amene munamukoperako?"

Madzi ataphwerako, munthuyo anawoloka mtsinje ndi njinga yake. Anaima pakhomo pa laibulale ya mayi uja, chipewa chili m'manja.

"Ndinamva, pepani," anatero mayiyo. "Mukanandikopera, bwenzi lero ndikukubwezerani zonse. Koma ndilibe, bambo."

Kenako analowa m'kati, nagawa pawiri mabuku ake akale, ochepa omwewo, namumangirira theka pakaliyala. Munthuyo anabwerera akukankha njinga, nadutsa pamsika anthu akumuyang'ana. Onse ankadziwa kumene katunduyo wachokera. Palibe amene anamunyoza, ndipo iye akanakonda atamutukwana.

Inu amene mukuphunzira ntchito yoyang'anira laibulale, mawa mupatsidwa makiyi ndi mapasiwedi. Buku lapepala ukabwereketsa, pashelefu pamatsala mpata. La m'kompyuta ukagawira mnzako, umakhala nalobe, ndipo limakhala lapeza malo achiwiri ogona. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Wobwera ndi fulashi pakhomo panu musamuone ngati wakuba. Ameneyo ndiye adzakusungireni.