Mpeni wa Tiyi pa Mtengo wa ku Japani

Ana inu mumatafuna miyambi ngati chingamu, osadziwa n'komwe kuti woyamba kuinena anali atakhala pati ndipo mtima wake unali bwanji. Dzana lomweli ndamva wina mwa inu, atagwetsa chitumbuwa m'fumbi, akunena mwambi wa madzi otayika uku akuseka. Chitumbuwa chenicheni! Khalani pansi ndikuuzeni kumene mawuwo anachokera. Ena adzakuuzani kuti mwambiwu ndi wakale kuposa nkhani yangayi. Asiyeni anene. Ine ndikunena mmene ndinaimvera kwathu, kunsi kwa phiri la Mulanje.

Kumeneko, m'mphepete mwa minda ya tiyi, kunali bambo wina dzina lake Lufeyo Namagonya. Ntchito yawo inali yodulira tiyi. Inu mumangomwa, simudziwa kuti chitsamba cha tiyi chikasiyidwa chimatalika mpaka othyola osafikira nsonga. Choncho pakapita zaka zingapo, m'miyezi yopanda mvula, amuna amalowa m'munda ndi mipeni yokhota n'kudula chitsamba chilichonse cha m'mawondo, pamwamba pake n'kusalala ngati tebulo. Mutaona munda tsiku limenelo mukhoza kulira, zitsa zokhazokha. Koma mvula ikangogwa, tiyi uja amaphuka mwaukali, masamba anthete ochuluka kuposa kale.

A Lufeyo anagwira mpeni umenewu zaka makumi atatu. Kapitawo akafuna kuonetsa anthu atsopano kadulidwe koyenera, ankawatengera pamzere wa a Lufeyo. Ankatha ntchito, zimenezo sindingawamane. Vuto linali lakuti nawonso ankadziwa kuti amatha.

Akazi awo, mayi Esinati, anagwirapo ntchito yosamala maluwa kunyumba ya mkulu wina wa pa esiteti. Banja la mkuluyo pochoka, mayi wa m'nyumbamo anawapatsa kamtengo m'kachitini, kotalika ngati mkono. Anati kwawo kwa mtengowo ndi ku Japani, ndipo dzina lake ndi mepulo. Mayi Esinati anakabzala kuseri kwa nyumba yawo, kumene dzuwa la masana silinkafika, poti mtengowu umakonda kozizira. Masamba ake anali ngati a chinangwa, koma aang'ono kwambiri ndi opyapyala. Unkakula mwaulesi wosaneneka. Panapita zaka khumi ndi zinayi kuti nsonga yake ipitirire denga la khitchini.

Koma mwezi wa Meyi ukafika, kuzizira kukayamba kutsika m'phiri, masamba onse aja ankasanduka ofiira kuti psuu. Anthu opita kumjigo ankapatuka dala kudzasuzumira. Pakatha masabata atatu masamba ankayoyoka, mtengo n'kutsala mbulanda mpaka kutentha kutayamba.

"Mayi a Nelesi," ankatero a Lufeyo, "mtengo wanuwu ntchito yake n'chiyani? Zipatso ayi, nkhuni ayi, mankhwala ayi. Ngakhale mbuzi ya a neba imaudutsa osaununkhiza."

"Ntchito yake ndi kuonedwa," ankayankha mayi Esinati. "Jekete lanu la Lamulungu lija linabalapo zipatso?"

Kudulira kwa mayi Esinati ndiye kunkawaseketsa a Lufeyo mpaka misozi. Mu Juni, masamba atangoyoyoka, chiperoni chili mbee, mayi Esinati ankatuluka ndi sizasi yosokera. Ankazungulira mtengo uja kwa nthawi yaitali, kuwerama, kupendeketsa mutu, kenaka n'kudula kanthambi kamodzi kosaposa chala. Kuzunguliranso, n'kudula kena kouma. Akadula tinayi kapena tisanu, ntchito yatha mpaka chaka chamawa.

"Mukumeta khanda?" ankafunsa a Lufeyo akunola mpeni wawo pakhonde. "Ine m'nthawi imeneyi ndadula mzere wathunthu."

Zaka zonsezo sanafunsepo chifukwa chake akazi awo ankadula mwezi umenewo osati wina, kapena chifukwa chake sankakhudza nthambi zikuluzikulu. Ankati ndi masewera a amayi.

Ndiye maso a mayi Esinati anayamba kuchita chifunga. Poyamba ankalephera kulowetsa ulusi pasingano, kenaka anayamba kupunthwa pa mtondo masanasana. Mwana wawo Nelesi, amene anakwatiwa ku Lilongwe, anabwera mwezi wa Febuluwale kudzawatenga kuti akaonane ndi madokotala a maso. Ponyamuka, mayi Esinati analowera kaye kuseri, n'kusisita tsinde la mtengo wawo.

"Mvula ikatha muziuthirira ndowa imodzi madzulo," anawauza amuna awo. "Patsinde muziyalapo udzu. Zodulirazo ndidzachita ndekha, ndi mwezi umodzi wokha uwu."

Mwezi umodzi unakhala iwiri, iwiri inakhala inayi. Madokotala ankati ayese mankhwala awa, kenaka ayese enawo, ndipo wodwala asatalikire. A Lufeyo anatsala okha m'nyumba imene anakhalamo awiri kuyambira unyamata wawo. Kunena zoona, anawasowa akazi awo koopsa. Ankati akaweruka, n'kufika pakhomo popanda wowafunsa kuti mwaswera bwanji, mtima unkawawa. Ankadzipeza atatulutsa makapu awiri. Chitenje chimene mayi Esinati anaiwala pachingwe sanachichotse, chinakhala pomwepo mpaka kusuluka.

Meyi atafika, mtengo unafiira wopanda mwini wake. A Lufeyo, amene kale ankangoudutsa popita kubafa, anakokera kampando kuseri. Tsiku ndi tsiku akathira ndowa yawo ankakhala pamenepo n'kumauyang'ana, mpaka tsamba lomaliza linagwa. Sanauze munthu.

Kumapeto kwa Julayi kunabwera kalata ya Nelesi. Anati amayi achitidwa opaleshoni diso limodzi, linalo lidikira, ndipo kubwera kwawo ndi chaka chamawa. Kumunsi anawonjezera kuti, "Amayi akuti zivute zitani, adzafika mtengo wawo utafiira. Akuti ndi chimene akufunitsitsa kuona."

A Lufeyo anawerenga kalatayo katatu, n'kupita nayo kuseri. Anauyang'ana mtengo uja ndi maso a mmisiri. Chaka chimenecho sunadulidwe. Nthambi zinali zitapiringizana, zina zikukhulana, tina touma. Mumtima anati, mayi a Nelesi akubwera ndi maso ofooka, afunika mtengo wa masamba ochuluka, wofiira moti ngakhale ali kumsewu auone. Ndipo ndani ku Mulanje konse amene ankadziwa kuchulukitsa masamba pa chitsamba kuposa iwo?

Maganizo olemba kalata yofunsa anawafikira, musaganize kuti sanawafikire. Koma anadziseka okha. Munthu wa zaka makumi atatu pa mpeni akafunse mkazi wa sizasi kadulidwe ka mtengo? Ndiponso ankafuna kuti chidzakhale chodabwitsa, mphatso yawo.

Anadikira mpaka ntchito ya kumunda itatha, chakumapeto kwa Ogasiti. Kunja kunali kutayamba kufunda, ndipo timaso ta m'nthambi za mtengo uja tinali titayamba kutupa. Loweruka m'mawa ananola mpeni mpaka kumeta nawo tsitsi la pamkono. Anayeza ndi bondo, monga ankachitira masiku onse. Kenaka khapu, khapu, khapu. Zaka khumi ndi zinayi zinagwa pansi madzi a tiyi asanawire pamoto. Anasalaza pamwamba bwinobwino, n'kubwerera m'mbuyo kuti aone ntchito yawo. Inali ntchito yokongola, kapitawo akanaiyamikira.

M'mawa mwake anapeza pansi pali chinyontho, chikhalirecho mvula sinagwe. Anawerama. Pa bala lililonse pankatuluka madzi oyera, kutsetsereka ndi tsinde, kudontha. Anagwira ndi chala n'kulawa, anali otsekemera pang'ono. Tiyi sachita zimenezo. Mtengo uwu ukamadzuka ku tulo take ta m'chisanu, umakoka madzi onse ku mizu kupita nawo kunsonga kuti ukatulutse masamba. N'chifukwa chake mayi Esinati ankadula mu Juni, mtengo uli mtulo, ndiponso tinthambi tokha. A Lufeyo anautsegula pakati madzi ali paulendo.

Anathamangira m'nyumba. Anang'amba malaya akale n'kumanga mabala aja, nsanza zinanyowa n'kuyamba kudontha. Anakatapa dothi la pachulu n'kumata, dothi linasungunuka. Anatchera makapu onse a m'nyumba, ndi mbale zomwe, ndipo akadzaza pang'ono ankathira patsinde kuti mwina mizu imwanso. Pofika tsiku lachitatu, bambo wamkulu wa imvi anali chogwada, akuwola dothi lonyowa ndi manja n'kumaliunjika patsinde, akulankhula ndi mtengo ngati munthu. Unadontha masiku asanu, kenaka unaleka wokha.

Tinthambi tingapo tinayesa kuphuka, a Lufeyo n'kuyamba kupuma bwino. Koma dzuwa la Okutobala linafika. Khungwa limene moyo wake wonse linkabisala mumthunzi wa masamba ake linapsa, linang'ambika, linada. Tinthambi tija tinafota. Mvula itagwa, minda yonse imene a Lufeyo anadula inabiriwira kuchokera kumsewu mpaka kuphiri, koma chitsa cha kuseri chinangoti zii. Ankachithirirabe ngakhale mvula ikugwa.

Tsiku lina anayenda wapansi mpaka kunyumba ija kumene akazi awo ankagwira ntchito, kuti mwina mtengo waukulu ulipo apemphe kambewu. Anapeza pamalopo anamangapo garaja. Wa m'munda wa kumeneko sankaudziwa n'komwe mtengo wotero.

Mu Febuluwale chiswe chinalowa m'chitsa, ndipo chinayamba kulondola mzati wa khitchini. Panalibe kuchitira mwina koma kuchizula. Mizu yake inali yosazama, yoyala m'mbali. A Lufeyo anakumba mozungulira ndi khasu, kenaka ndi manja, kutsata muzu uliwonse mpaka kumapeto osaudula, tsiku lathunthu. Chisamaliro chimene chinkafunika mtengo uli moyo anachipereka pa maliro ake. M'makalata onse opita ku Lilongwe ankangolemba kuti kuno zonse zili bwino.

Mayi Esinati anasunga mawu awo. Sabata yachiwiri ya Meyi anatsika basi, Nelesi atawagwira dzanja. Anali ataonda, ndipo ankayenda mopapasa ndi phazi. Atafika pakhonde anakana mpando, anakana madzi.

"Bambo a Nelesi, madokotala ayesetsa," anatero. "Diso ili linapita. Linzakeli latsala ka mng'alu, akuti nakonso sikachedwa. Nkhope yanu sindikuiona bwino, koma zofiira ndimazionabe. Ndiperekezeni kuseri."

A Lufeyo anawagwira dzanja. Anafika pamalo paja, pamene dothi linali litatitimira pang'ono. Mayi Esinati anakweza nkhope, kutembenukira uku, kutembenukira uko, kufunafuna.

"Kodi chaka chino wachedwa kufiira?"

"Palibe, mayi a Nelesi. Ndinaudula ine. Ndinaudula ngati tiyi, ndimafuna mudzapeze masamba ambiri."

Nelesi anagwira pakamwa. Mayi Esinati anagwada pang'onopang'ono, n'kuyala manja awo padothi, kusisita malo onse pamene panali tsinde.

"Mwezi wanji?"

"Ogasiti."

"Ndiye unalira."

"Masiku asanu. Ndinamanga nsanza, ndinatchera makapu. Ndinawola ngakhale dothi lonyowalo ndi manja anga, kubwezera patsinde."

Misozi ya mayi Esinati inkatsika m'maso onse awiri, lakufa ndi lamoyo lomwe. Sanakalipe, ndipo a Lufeyo ankadzanena pambuyo pake kuti bola akanakalipa.

"Madzi akatayika sawoleka, bambo a Nelesi," anatero motsitsa. Kenaka anafunsa, "Chaka chatha munauona utafiira?"

"Ndinauona. Tsiku lililonse."

"Khalani apa mundiuze."

A Lufeyo anakhala padothi pambali pawo n'kuyamba kufotokoza. Anati kufiira kunayambira kunthambi ya kukhitchini. Anati masamba a m'munsi anayamba achita chikasu, ndipo m'mawa dzuwa likawomba kumbuyo kwake mitsempha ya tsamba lililonse inkaoneka. Mayi Esinati ankangogwedeza mutu, nthawi zina n'kufunsa za nthambi ina imene ankaidziwa. Diso lotsala lija linazima mu Julayi chaka chomwecho.

Nelesi ndiye anakafotokoza nkhaniyi kwa anthu, ndipo mawu a mayi ake anayenda pakamwa ndi pakamwa mpaka kufika kwa inu: madzi akatayika sawoleka.

Tanthauzo lake ndi ili, ndipo mumve bwino. Pali zinthu zimene zikachitika zachitika, ngakhale mulire, ngakhale mugwade, ngakhale munazichita ndi mtima wabwino. A Lufeyo sanali munthu woipa. Anadula mtengo uja chifukwa chokonda akazi awo, ndi luso lenileni, koma luso la munda wina. Kalata imodzi yofunsa ikanatenga masabata awiri, ndipo mtengo ukanadikira. Choncho mukagwira mpeni, kapena mawu aukali akafika pa lilime, imani kaye mufunse ngati chimene mukufuna kuchitacho chili ndi pobwerera.

Mwambi womwewu timauzanso munthu amene zamutayikira kale, kuti aleke kukanda pansi, adzuke asamale zimene zatsala. A Lufeyo chimene chinawatsalira chinali maso awo, ndipo anawapenyera akazi awo zaka zisanu ndi ziwiri, mpaka tsiku limene anawaperekeza kumanda.