Mwana wa Mbawala ndi Moto wa Osaka Mbewa

Kalekale, nyama zikadayankhula ngati ine ndi inu, m'mphepete mwa dambo lina munali Mbawala ndi mwana wake wamkazi, dzina lake Ndaziona. Mwanayo anali mmodzi yekhayo. Akulu ake awiri anagwidwa ndi kambuku, ndiye mantha a mayiyo musachite kufunsa.

M'mawa uliwonse Mbawala ankagoneka mwanayo mu udzu wautali n'kumuuza mawu omwewomwewo.

"Gona pomwepo. Usasunthe. Usagwire kanthu, usalawe kanthu. Zonse ndizikuuza ndine."

Ndipo ankamuuzadi. Akabwerako kokadya, ankamufunsa mafunso.

"Kambuku ndi wotani?"

"Wamawanga."

"Moto ndi wotani?"

"Wofiira."

"Ukamva kanthu utani?"

"Ndigone, ndisasunthe."

Mwana ankayankha osaphonya, koma zonsezo zinali za pakamwa chabe.

Kumunsi kwa damboko kunali thawale la matope, ndipo pamenepo mpamene Njiri ankaswera ndi ana ake. Inu mukumudziwa Njiri: nkhope njerewere zokhazokha, kudya chogwada, kusamba kwake matope. Koma kulera ana, ayi ndithu, mayi ameneyu ankatha. Tiana take tinkangoseka tsiku lonse, timichira tili njo. Ndaziona ankamva kusekako ali gone mu udzu, ndipo mtima unkamuwawa.

Tsiku lina analephera kupirira. Ananyang'ama mpaka pathawalepo.

"Kodi si mwana wa anzathu a Mbawala uyu?" anatero Njiri. "Bwera, mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Tili pa masewera. Tsinzina."

Ndaziona anatsinzina. Njiri anamuikira kanthu pamphuno.

"N'chiyani ichi?"

"Sindikuona."

"Wafunsa maso ndani? Funsa mphuno."

Ndaziona anakoka mpweya. "Chikununkhira."

"Mpoza umenewo. Luma." Analuma, ndipo kutsekemera kwake anachita kutseka maso kawiri. "Nanga ichi?"

"Pfuu! Chikununkha!"

"Ndowe za njovu. Zimenezo usalume."

Tiana ta Njiri tinagubuduka nako kuseka.

"Nanga ichi?"

Ndaziona anayetsemula. "Chikundikanda kukhosi."

"Chitsa chimene chinapsa chaka chatha. Fungo limenelo ndi la moto. Ulisunge."

M'mawa mwake anapitanso. Njiri anamuviika mphuno m'matope nati, "Tukula mutu, uzungulire pang'onopang'ono. Mbali imene ikumva mphepo, ndi kumene mphepoyo ikuchokera." Kenako anamutsinzinitsa n'kumaponda bango louma, bango n'kumati the, the, the. "Moto ukamadya udzu umalira chonchi," anatero Njiri.

Tsiku lachitatu Njiri anati, "Lero tiwerenga."

"Tiwerenga chiyani, amayi?"

"Pansi. Aliyense wodutsa amalembapo dzina lake."

Anamuonetsa zala za nkhanga. Anamuonetsa mkwekwe wa njoka. Kenako anaponda yekha pa dothi lofewa. "Ili ndi dzina langa. Kumene kwaloza nsonga za ziboda, ndi kumene ndapita."

Madzulo a tsiku limenelo Mbawala akunyambita mwana wake, anapeza matope kuseri kwa khutu. Anamukoka mwanayo mpaka kuthawale.

"Mayi inu, mwana wanga si nkhumba!"

"Amake Ndaziona, mwanayu ali ndi mphuno. Mulekeni azinunkhiza."

"Inu mwalirapo ana angati? Ine awiri."

Njiri anabwerera kwa ana ake.

Mbawala anasamutsa mwana wake. Anapita naye kumtunda, kutali ndi thawale, pa udzu wautali kwambiri patsinde pa mtengo wa muwanga. Anamuuza misozi ili m'maso, "Gona pomwepo. Usasunthe. Ukandisiya iwenso, ine ndifa." Ndaziona analonjeza, ndipo analonjeza ndi mtima wonse.

Chilimwe chinafika, udzu unauma gwa. Tsiku lina Mbawala atawoloka mtsinje kukafuna masamba aawisi, anthu osaka mbewa anayatsa tchire.

Mu muwanga muja munatera Muimba, mbalame yodya zakufa. Masiku amenewo Muimba anali ndi tsumba la nthenga kumutu, lokongola zedi, ndipo ankalinyadira. Koma kadyedwe kake kanali komweka: kudikira zimene moto wasiya. Anasuzumira pansi, anaona kamwana konenepa, anakhazikika bwinobwino pa nthambi.

Ndaziona anayetsemula. Kukhosi kunamukanda. Fungo limenelo ankalidziwa.

"Agogo, inu muli pamwamba, kodi kukubwera moto?"

"Amayi ako anati moto ndi wotani?" anafunsa Muimba.

"Wofiira."

"Chofiira ukuchiona?"

"Ayi."

"Ndiye gona, mdzukulu wanga. Mwana wabwino amamvera make."

Ndaziona anagona. Posakhalitsa makutu ake anaima. Kutali kunkamveka the, the, the.

"Agogo, udzu ukulira."

"Ndi nkhanga izo, zikupalasa. Amayi ako anati ukamva kanthu utani?"

"Ndigone, ndisasunthe."

"Basitu. Mawu a akulu amakoma akagonera."

Ndaziona anagonanso. Koma mtima sunagone. Ananyambita mphuno yake, anatukula mutu, anazungulira pang'onopang'ono. Mphepo inkachokera komwe kunkachokera kulirako, ndipo inali yotentha.

"Agogo, mphepo ikuotcha."

"Ndi dzuwa limenelo. Gona, iwe!"

Pomwepo kanthu kanamudonthera pamsana, tho! Konyowa, kofunda. Anatembenuka n'kununkhiza. Fungo la nyama yowola. Mvula sigwa m'chilimwe, ana inu. Anali malovu a Muimba.

Apa Ndaziona anadziwa kuti agogo aja akudikira ndiwo. Anayamba kulira. Akadzuka, waswa lonjezo kwa mayi ake. Akagona, apsa. Mphuno inkati thawa, makutu ankati thawa, khungu linkati thawa. Utsi utakuta mtengo wonse, iye anati chamumtima, "Pepani amayi," n'kukwawa chamimba kuchoka pamalopo.

Koma alowere kuti? Malowo anali achilendo, kutsogolo utsi, kumbuyo utsi. Anaweramitsa mutu n'kuyamba kuwerenga pansi. Timapazi ta mbewa. Zala za nkhanga. Mkwekwe wa njoka. Kenako anaona dzina lodziwika, ziboda za Njiri, zatsopano, nsonga zitaloza kumunsi. Anatsata. Zikasowa pa mwala, ankazipeza ndi mphuno. Anatsata, anatsata, mpaka miyendo inati tibu m'matope.

"Lowa thupi lonse!" anakuwa Njiri. "Usiye mphuno yokha!"

Moto unadutsa uku ndi uku ukulilima. Iwo ali phee m'matope.

Nanga Muimba? Iye ankakhulupirira maso okha, ndipo maso anali atatsekedwa ndi utsi. Poopa kuti anzake amulanda, anatsika moto usanazime n'kupisa mutu mu udzu momwe munagona kamwana. Anapezamo malawi. Ndaziona anangoona chinthu chikugwera pathawale, mutu ukufuka utsi, n'kuuviika m'matope, tswee!

"Agogo," anatero Njiri, "chipewa chija mwachisiya kuti?"

Muimba anavuula mutu m'matope, tsumba lonse litapsa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Tsumba lija silinamerenso, ndipo mpaka lero adzukulu ake onse ndi adazi.

Moto utazima, Njiri anaperekeza Ndaziona kumtunda. Pansi ponse panali bii, phulusa likadali lofunda. Ali chapatali anamva kulira. Anali Mbawala, atagwada patsinde pa muwanga, akufukula phulusa ndi ziboda.

"Ndamupha ndekha! Ndinamuuza kuti asasunthe, ndipo mwana wanga amamvera! Mayo ine, ndamupha ndi pakamwa panga!"

Ndaziona anaima kumbuyo kwake, matope thupi lonse. Ankaopa kukalipiridwa.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "ndalakwa. Ndinasuntha."

Mbawala anatembenuka. Anamununkhiza mwanayo kumutu, anamununkhiza kumsana, anayamba kumunyambita, matope n'kudzaza m'kamwa, osalavula.

"Wakuuza ndani kuti kukubwera moto?"

"Mphuno, amayi."

"Nanga njira?"

"Ndinawerenga pansi."

Mbawala anayang'ana phulusa la pamene anagoneka mwana wake. Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakweza maso kwa Njiri.

"Achemwali, masewera aja mumayamba nthawi yanji?"

"Mame akangouma."

"Mawa tibwera awiri. Inenso mundiviike mphuno."

Nthano yanga yagona pamenepo. Amene anaika mbatata pamoto akaiphule msanga, moto mwaumva ukali wake.

Phunziro lake ndi ili: mwana saphunzira ndi mawu okha. Mulekeni agwire, alawe, anunkhize, amvetsere, awerenge ndi maso ake inu muli pambali. Tsiku lina mudzakhala kutsidya kwa mtsinje, ndipo chimene chidzamupulumutse ndi chimene anachidziwa yekha.