Munthu Amene Anasamutsa Chikande

Panali munthu wina kumapiri uko, ntchito yake kukumba chikande. Kwa inu osachidziwa, chikande ndi timbatata ta maluwa ena am'dambo. Mkazi wake ankatisinja n'kuphika ndi nsinjiro, ndipo banja lonse linkadalira malonda amenewo.

Okumba a kumeneko anali ndi mwambo wawo: ukakumba apa, apo usiye, kuti maluwa akhwime, njere zimwazike. Koma munthuyu ankati akasiya, mawa apeza mnzake wakumba. Mtima unkamuwawa.

Tsiku lina anati, "Dambo lonseli ndilisamutsira kwanga." Anakumba chachikulu ndi chaching'ono chomwe, kukabzala m'dimba mwake. Patatsala kachigawo kamodzi, anaponda linthumbu. Anathawa buluku lili m'manja, amayi otunga madzi akugubuduka ndi chiseko. Nyengo imeneyo sanabwererekonso.

M'dimba muja anathira manyowa, namanga mpanda waminga. Mvula inagwa. Bonongwe anamera, chisoso chinamera, chikande ayi ndithu. Atafukula anapeza chonse chaola, pakuti chomerachi chimafuna dothi lakwawo.

Mlamu wake anasuzumira pampanda. "Alamu, minga yonseyi mukutchingira bonongwe?"

"Kazipitani kwanu, alamu."

"Ndikupita. Koma mukaone kudambo. Linthumbu lalima bwino kuposa inu."

Munthu uja ananyamuka ndi khasu. Dambo lonse linali udzu wokhawokha, koma pakachigawo kaja maluwa anali atachita kuthithikana. Kunyumba mkazi analibe chogulitsa. Akanakumba, thumba likanadzaza tsiku lomwelo, ndipo chikande chikanatheratu m'dambomo.

Koma anaika khasu paphewa, nabwerera chimanjamanja. Anayenda khomo ndi khomo kupepesa anzake, nawapempha kuti pamenepo pasafike khasu la munthu. Anamuseka, koma anavomera. Zaka zingapo banja lake linagulitsa zitumbuwa, kwinaku maluwa akufalikira pang'onopang'ono, mpaka anthu anayambanso kukumba, apa kukumba, apo kusiya.

Abale anga, sindikuloza munthu chala, pakuti manja angawa nawonso amalidziwa khasu. Ambirife tinawononga zinthu tikunena kuti tikuzisunga, chonsecho vuto linali kuopa kuti mnzathu adyako. Munthu uja anachita mwayi, linthumbu linamusiyira poyambira. Inu musadikire kulumidwa. Ngati kwanu katsalako kachigawo, lero musakakumbe.