Telala amene anameza nyimbo

Masiku otsatira Khirisimasi m'shopu ya telala simulowa nsalu yatsopano. Mumangobwerera zovala zomwe zija anasoka sabata yatha, eni ake akudandaula kuti zathina m'chiuno, ngati kuti telalayo ndiye anawapakulira mbale yachitatu. Telala amene ndikumunena pano anali ndi shopu ya chipinda chimodzi, makina akuda opalasa ndi phazi, kalilole wong'aluka pakona, ndi benchi ya makasitomala. Ntchito ankaidziwa, zimenezo sindingamunamizire. Koma chimene chinamutchukitsa si singano ayi. Anali ndi mawu oti akatsokomola m'shopu, nkhuku za kuseri kwa msewu zinkadzidzimuka, ndipo kutchalitchi ankangomutcha kuti a Chimkuzamawu.

Mumpingo mwawo munali kachitidwe kena kamene sikanalembedwe m'buku lililonse. Mlaliki akasochera pakati pa ulaliki, mfundo itamuthawa, ankatsokomola kawiri. Pomwepo telala ankadzambatuka pa benchi yake yachitatu n'kuyambitsa nyimbo. Anthu ankaimirira n'kumaomba m'manja, mlaliki n'kumwa madzi, kupukuta thukuta, kupeza pamene analekezera. Nyimbo ikatha, ankapitiriza ngati kuti zonse zinali m'dongosolo. Aliyense ankadziwa chimene chachitika, koma panalibe wochitchula. Umu ndi mmene ankasungirana ulemu.

Kwa zaka khumi ndi chimodzi ntchito imeneyi inali ya telala yekha, ndipo ankaichitira nsanje ngati mkazi. Tsiku lina mayi wina wa m'kwaya anayerekeza kuyambitsa nyimbo iye asanatsegule pakamwa. Telala anaiphimba ndi ina yakeyake, mokweza kuwirikiza katatu, mpaka ya mayi uja inafera m'khosi. Chichokereni tsiku limenelo, anthu anaphunzira kudikira.

Chaka chimenecho mlaliki wina wokalamba anapuma pa ntchito, ndipo pa ndandanda ya alaliki a chaka chatsopano panatsala malo amodzi. Ofuna malowo anali awiri: telala ndi mlamu wake, kalipentala, mchimwene wa mkazi wake. Kalipentalayu anali munthu wofatsa, wa manja akuluakulu, amene akachita mantha ankachita chibwibwi. Telala ankawalakalaka malowo mpaka kulephera kudya bwino.

“Ndatopa kuvuula anthu ena,” ankatero kwa mkazi wake. “Zaka zonsezi ine ndikhale wokankha galimoto, osakwera nawo?”

Mwayi unabwera wokha. Abusa analalikira katatu pa tsiku la Khirisimasi, ndipo pofika madzulo mawu anali atawathera, akungonong'ona ngati tayala lophwa. Anaitana awiriwo n'kuwalembera papepala kuti kalipentala alalikire Lachisanu, tsiku lotsatira, telala alalikire Lamulungu. Abusawo adzakhala kutsogolo n'kumamvetsera, ndipo Lolemba dzina la mmodzi lidzapachikidwa pachitseko.

Lachisanu lija tchalitchi chinkaoneka chotopa ngati eni ake. Mabaluni anali atafota, nyenyezi ya katoni itapendekeka, ndipo anthu ochepa amene anabwera ankalimbana ndi tulo. Kalipentala anakwera paguwa ndi mapepala asanu ndi limodzi amene anawalemba ndi pensulo yake ya kuntchito. Anayamba bwino ndithu, za abusa a nkhosa amene anabwerera ku ziweto zawo ataona Khanda lija. Kenaka wina, pomva kutentha, anayatsa fani ya pakhoma. Mapepala onse anauluka. Kalipentala anawatola mwachangu, koma anasokonezeka, moti atawerenga mzere woyamba anapezeka akuti, “Pomaliza, abale,” ulaliki usanathe ndi mphindi zinayi zomwe.

Anaima. Anatembenuza pepala, n'kutembenuzanso lina. Anatsokomola kawiri.

Mitu yonse inatembenukira ku benchi yachitatu. Telala anali atawerama, akuyang'anitsitsa mpendero wa thalauza yake ngati munthu amene wapezapo ulusi wolakwika. Nyimbo inali pakamwa pake penipeni, koma anaimeza. Mumtima ankati, aone okha abusa kuti guwa si benchi yopalira matabwa.

Kalipentala anatsokomolanso. Thukuta linali kamukamu. Chete ameneyo anatalika moti munthu ankamva fani ikuzungulira. Potsiriza anapinda mapepala aja n'kunena mwachibwibwi kuti, “A-abale, ndasochera. Sindikufuna kukunamizani. Tiyeni tingopemphera.”

Atafika kunyumba, mkazi wa telala anaika ketulo pamoto mwamphamvu moti chivundikiro chinagwa.

“Bambo, achimwene anatsokomola kangati?”

“Ine sindinamve. Fani ija imasokosera.”

“Inu amene mumamva sizasi ikagwa kwa aneba? Munthu uja anakukhomerani denga la shopu osakuuzani mtengo, lero mwamusiya akuwauka pamaso pa anthu.”

“Mayi, awa ndi mayeso. Pamayeso saonetsana.”

“Chabwino,” anatero mayiyo. “Ndamva. Pamayeso saonetsana.”

Loweruka lonse telala anakhala akumasula ziuno za mathalauza, akulalikira kwa kalilole wong'aluka uja. Anasankha nkhani ya anzeru a kum'mawa ndi mphatso zawo zitatu. Mkazi wake, ngakhale anali wokwiya, anamubweretsera kope ndi cholembera. Iye anazikankhira kumbali.

“Mapepala ndi amene anagwetsa alamu. Ine zonse zili muno,” anatero akugogoda chipumi.

Lamulungu m'mawa anavala suti yotuwa imene anadzisokera yekha, n'kusiya magalasi ake pamakina. Mkazi wake atamukumbutsa, anayankha kuti magalasi amakalambitsa munthu, ndipo mlaliki weniweni amayang'ana anthu, osati zilembo.

Tsikulo tchalitchi chinadzaza, chifukwa mbiri ya Lachisanu inali itayenda ndipo anthu ankafuna kuona mbali yachiwiri ya mpikisano. Pamene mlembi wa mpingo ankawerenga Mawu, telala sanamve ndi liwu limodzi lomwe. Anali kalikiliki kukonza tayi ndi kuyeserera mumtima mmene adzakwezere dzanja.

Tinene zoona, anayamba mochititsa kaso. Anasiya chipewa chake pa benchi yachitatu, nakwera paguwa, nakankhira maikolofoni kumbali.

“Mphatso zinali zitatu, abale! Ndipo lero simutuluka muno musanazidziwe zonse zitatu!”

Pa golide anakhalapo mphindi khumi, akudzudzula anthu amene amapereka kwa Mulungu zotsala za m'thumba. Amayi ankagwedeza mitu, abambo ankayang'ana pansi. Pa lubani anakhalaponso mphindi khumi, akufotokoza pemphero lokwera kumwamba ngati utsi wonunkhira, ndipo ameni ankachokera mbali zonse. Abusa ankalemba kanthu m'kabuku kawo. Telala ataona zimenezo, mtima unamukwera. Anaimika zala zitatu m'mwamba.

“Ndipo mphatso yachitatu, abale!”

“Ameni!”

“Ndikuti mphatso yachitatu!”

“Ameni!”

M'mutu munali mbee. Liwu lija linali pompo dzulo, lalifupi, lodziwika kuyambira ali mwana, koma tsopano linali litasowa ngati singano yogwera m'mulu wa zidutswa za nsalu. Anabwereza golide. Anabwereza lubani. Atafika pachitatu anagundanso khoma lomwe lija. Anatsegula Baibulo la paguwa, koma popanda magalasi zilembo zinkangooneka ngati nyerere zikusamuka.

Anatsokomola kawiri.

Mwachizolowezi, mitu yonse inatembenukira ku benchi yachitatu, ndipo iye mwini anayang'ananso komweko. Panali chipewa. Chipewa sichiyimba.

Anayang'ana amayi a m'kwaya. Iwo anali phee, manja pamiyendo, monga mmene iye mwini anawaphunzitsira kwa zaka khumi ndi chimodzi. Anayang'ana mkazi wake, koma mayiyo anali atapinda manja, maso ali kudenga, akuwerenga malata. Anayang'ana mlamu wake pa benchi yoyamba. Kalipentala anali atawerama, akugwedeza mwendo wa benchi pang'onopang'ono kuti aone ngati msomali uli bwino.

Apa mpamene telala anachita chinthu chimene chinali chisanaonekepo mumpingomo. Anadziyambitsira yekha nyimbo ali paguwa. Anthu anailandira, ena akubisa nkhope kuseri kwa mabuku a nyimbo, mapewa akugwedezeka. Koma thandizo lija limagwira ntchito pamene wina wasenza nyimbo, iwe n'kumafunafuna mfundo yako mwakachetechete. Telala sakanatha kuyimba motsitsa ngakhale atafuna. Anaitsogolera nyimboyo ndime zonse zinayi ndi mphamvu zake zonse, ndipo itatha anapezeka ali pomwe paja, zala zitatu zili m'mwamba, m'mutu mulibe kanthu.

Pamenepo akanatha kunena zimene ananena mlamu wake. Mawu ake ndi ochepa, ndipo sapha munthu. Koma kunyada kukagwira munthu pakhosi, bodza limaoneka lopepuka kuposa kuvomera.

“Mphatso yachitatu,” anatero motsitsako, “inali nsalu.”

Cholembera cha abusa chinaima.

“Inde, nsalu! Taganizani, abale. Khanda labadwira m'khola, kukuzizira. Kodi lifunda golide? Livala lubani? Wanzeru wachitatu uja ndiye anali wanzeru kuposa anzake. Anabweretsa nsalu yabwino, yosasuluka, yosathina ukaichapa.”

Kumbuyo kunali dalaivala wa basi amene thalauza yake inali idakali m'shopu ya telala. Munthuyu sankatha kusunga mawu m'kamwa.

“Mamita angati, a Chimkuzamawu?”

Tchalitchi chonse chinaphulika. Amayi ankapukuta misozi ndi m'mphepete mwa mipango, ana ankaseka osadziwa chimene akusekera, ndipo ngakhale mlembi wa mpingo, munthu amene sanasekepo chikwatirireni, anatulutsa kaphokoso m'mphuno. Abusa anaimirira, natsegula pakamwa, koma panangotuluka mpweya. Anang'amba pepala m'kabuku kawo, nalembapo, napatsa mlembi. Mlembiyo anakonza kukhosi n'kuwerenga ngati chilengezo cha maliro.

“Abusa akuti: mure. Akutinso: titseke.”

Mure. Telala analimva liwulo likulowa m'khutu ngati mlendo amene wafika phwando litatha. Anatsika paguwa, natola chipewa chake, ndipo nyimbo yotsekera anaiyimba ndi milomo yokha.

Lolemba m'mawa dzina linapachikidwa pachitseko cha tchalitchi, ndipo linali la kalipentala. Pansi pake abusa anawonjezera mzere umodzi ndi dzanja lawo: wosochera n'kuvomera tikhoza kumulondolera njira, koma Mawu saikidwa chigamba.

Telala sanapite kukaona. Nkhaniyo inamupeza m'shopu, kudzera mwa makasitomala amene ankalowa mmodzimmodzi kudzafunsa, nkhope zili zowuma, ngati nsalu ya anzeru a kum'mawa yafika. Manyazi anamugwira kwambiri moti tsiku lonse sanakweze mutu pamakina.

Chakumasana kunalowa mlamu wake, jekete lakuda lili pamkono.

“Alamu, jeketeli landithina m'mapewa. Akuti ndilalikire Lamulungu loyamba la chaka, ndiye ndimati mulimasuleko.”

Telala analandira jeketelo, natenga tepi, nayamba kuyeza mapewa akuluakulu aja. Anayeza kawiri malo amodzimodzi. Kenaka, ali kumbuyo kwa mlamu wakeyo kumene sankaonana maso, anafunsa.

“Mumalidziwa liwu lija?”

“Ndimalidziwa.”

“Munali pafupi, alamu. Mukanangonong'ona.”

Kalipentala atayankha, chibwibwi panalibe.

“Linafika pakamwa, ndipo ndinalimeza. Usiku sindinagone nazo bwino, chifukwa si mmene ndinaleredwera. Koma Lachisanu lija ndinaima paja ndekha, alamu. M'tchalitchi monse muja sindinkayang'ana abusa, sindinkayang'ana mlongo wanga. Ndinkayang'ana inu, chifukwa ndinkadziwa kuti mlamu wanga alipo, sindingagwe. Inu n'kumayang'ana thalauza.”

Tepi inagwa m'manja mwa telala. Anafuna kunena za fani, za mayeso, za zaka khumi ndi chimodzi, koma zonsezo zinaoneka zazing'ono pamaso pa munthu amene anamudalira. Kuseka kwa tchalitchi chonse sikunamupweteke ngati mawu amenewa. Anawerama n'kutola tepiyo.

“Jekete mudzatenge Lachitatu,” anatero ndi mawu aang'ono amene makoma a shopuyo anali asanawamvepo. “Ndipo Lamulungu mukadzatsokomola, ndidzamva.”

Nyimbo imodzi yokha, ya ndime ziwiri, ikanamutayitsa chiyani? Mwina malo aja akanawapezabe, mwina ayi, koma akanatsika paguwa ali ndi ulemu wake ndi mlamu wake yemwe. Iye anaona moto uli pachibwano cha mnzake n'kuganiza kuti ukumuwalitsira njira, osadziwa kuti mphepo imatembenuka. Akuluakulu sananame pamene anati: mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.